Mpamba wake ndi mlomo basi

Abale anzanga a pamsika, sabata ino mundikhululukire. Za mtengo wa chimanga, za chiphaso cha tsiku ndi tsiku, za katapila amene watidya mpaka mafupa, tikamba sabata ya mawa tikadzuka nawo moyo. Lero ndabwera ndi nkhani ya lipenga. Pomwe ndikulemba pano mlomo wanga wam'mwamba watupa ngati andiluma mavu, tiyi ndikuchita kudikira kuti azizire ngati wa mwana. Mayi a kunyumba akuti ndisadandaule, ndinaziyamba dala.

Gwero lake ndi mkangano. Loweruka lapitali ndinakhala pa benchi ya mkulu wina wokonza mawailesi kuseri kwa mzere wa akaunjika, komwe ndimakonda kukapisa dzuwa. Mkuluyu ali ndi zimbale zakale, zija zakuda zazikulu ngati mbale ya nsima ya pa ukwati, zomwe malemu achimwene ake adabwera nazo kuchokera ku Joni. Galamafoni idafa kalekale, koma mdzukulu wake adamufunira nyimbo zomwezo n'kumuikira mu foni. Tsiku limenelo anali atangomaliza kukonza sipika ya kasitomala, ndiye ati tiyese ngati yachira. Analumikiza foni n'kuika nyimbo yotchedwa Open Up Wide ya gulu lina la ku America, dzina lake Chase.

Amangwetu! Lipenga linayamba lokha, kenaka anzake n'kulowa, likukwera, likukwerabe, mpaka linafika poti ine tsitsi linaima, thupi lonse tsemwe. Mayi wa tomato wa tsidya lina anaponya chitenje paphewa n'kukuwa: "Achimwene, mphaka mwamuponda mchirayo tamutayani!" Anthu kuseka. Koma amene anandipsetsa mtima ndi kamnyamata kaja koika nyimbo m'mafoni. Kanangoti, osadzutsa n'komwe mutu pa kompyuta yake: "Madala, zimenezo pa kiyibodi n'chala chimodzi."

Chala chimodzi! Mwana iwe, khala pansi, ndipo nanunso a tomato sendererani kuno.

Lipenga tikunenali ndi lomwe lija mumaliona ndi a bandi pa perete kapena ku mipingo ina. Ndi paipi ya chitsulo chabe, yopindidwapindidwa, yoti mutaiwongola siyingapitirire mita imodzi ndi theka. Mabatani ake ndi atatu okha, ndipo ngakhale muwadine mosinthasintha bwanji, njira zake zenizeni ndi zisanu ndi ziwiri, kwatha. M'katimo mulibe nsambo, mulibe batire, mulibe kanthu kena kalikonse kolira. Cholira ndi mlomo wa munthu. Amaphatikiza milomo, n'kukankha mpweya pakati pake kuti izinjenjemera, monga achitira mwana akamayerekeza njinga yamoto. Chitsulocho ntchito yake n'kungolandira kunjenjemerako, kukukonza n'kukukweza.

Tsono inu a kwaya mundithandize. Mukayamba do, re, mi mpaka kukafika pa do winayo, tinene kuti mwakwera nyumba imodzi yosanja. Nyumba iliyonse yomwe mwakwera, kunjenjemera kuja kumawirikiza kawiri. Woliza lipenga wophunzira bwino amafika pa noti yomwe eni ake amaitcha C wa pamwamba, ndipo pamenepo milomo yake ikunjenjemera koposa ka 900 pa sekondi imodzi. Ambiri amathera pomwepo ndipo palibe angawanyoze. Koma akuluakulu ndikukamba lerowa amakweranso nyumba ina yathunthu pamwamba pa imeneyo. Uko milomo imanjenjemera koposa ka 1,800 pa sekondi. Nyama yomweyi, abale, yomwe timadyera nsima ndi kunenera miseche. Zala zimadina mabatani omwe aja, palibe batani lachinayi lobisika la manoti okwera. Zonse zikuchitikira pa kampata kakang'ono pakati pa milomo, pa lilime lomwe limakwera m'kamwa kuti mpweya uthamange, ndi m'mimba momwe mukuchokera mphamvu.

Mwina mufunsa kuti chodzizunzira chotere n'chiyani. Kukwera pa lipenga sikudayambe ndi magulu amenewa ayi. Louis Armstrong ankadabwitsa nako anthu kalekale, ndipo Cat Anderson wa m'gulu la Duke Ellington ankafika kumene anzake ankangoloza ndi chala. Koma kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kudabwera vuto latsopano. Achinyamata adatembenukira ku magitala a magetsi ndi ng'oma zaphokoso za rock. Anyamata ena ophunzira jazz adati ifenso tilowa momwemo ndi malipenga athu. Mu 1967 ku New York kudabadwa gulu la Blood, Sweat & Tears, ndipo chaka chomwecho mu mzinda wa Chicago kudabadwa lina lomwe pambuyo pake lidatenga dzina la mzindawo. Tsono taganizani: woimba gitala akafuna kumveka amangopotokola kabatani. Wa besi chimodzimodzi. Wa lipenga akaimba manoti a pakatikati, ngakhale ali ndi maikolofoni, mawu ake amamira m'chiphokosocho ngati mwala m'dziwe. Njira yake n'kudutsa pamwamba pa onse.

Izi inu simukufunika kuphunzitsidwa. Pa depoti nthawi ya masana, ma injini akulira, mahutala, mawailesi, ndani amamveka mpaka kumpando wakumbuyo kwa basi? Si bambo uja wa mawu a besi ngati mkango ayi. Ndi mayi uja wa nthochi wa kamawu kakuthwa ngati singano. Mawu okwera amaboola phokoso. Lipenga lotsogolera m'magulu amenewa ndiye mayi wa nthochi ameneyo.

Wa Blood, Sweat & Tears anali Lew Soloff. Mukapeza nyimbo yawo ya Spinning Wheel, mufune yomwe ili pa chimbale chachikulu cha 1968, chifukwa pakati pake mnyamatayu amalowa ngati wakhala akudikira pakhomo chaka chathunthu, n'kulumphira m'mwamba mosapempha. Koma taonani nkhanza za amalonda anzathu a nyimbo: potulutsa kachimbale kakang'ono ka pa wailesi adafupikitsa nyimboyo, ndipo chomwe adadula ndi gawo la lipengalo. Kukugulitsa nkhuku atachotsa nthutumba! Chimbale chachikulucho chidapata mphotho ya Grammy mu 1970 ngati chimbale chopambana pa chaka, kugonjetsa ngakhale Abbey Road ya The Beatles.

Mfumu ya onse okwera m'mwamba ndi Maynard Ferguson, ndipo apa sindikufuna mtsutso. Adabadwira ku Montreal m'dziko la Canada mu 1928, adalowa gulu la Stan Kenton mu 1950, ndipo kuyambira pamenepo oliza malipenga anzake sadagonenso tulo. Nyimbo za magulu akuluakulu a jazz zitayamba kusowa msika, mkuluyu sadakhale pansi kulira kuti kale zinthu zinkayenda. Adapita ku India, adakakhala ku England, n'kusintha katundu pa benchi: adayamba kutenga nyimbo za achinyamata zomwe zinali pakamwa pa aliyense n'kuziveka malipenga. Mu 1976 adaliza lipenga pa mwambo wotsekera masewero a Olympics kwawo ku Montreal. Mu 1977 adatulutsa Gonna Fly Now, nyimbo ija ya mu filimu ya nkhonya ya Rocky, yomwe ambiri a inu mudaimvapo m'nyumba zoonetsera mavidiyo osadziwa dzina lake. Iye ankati chinsinsi chake chili pa kapumidwe, ndipo ankachita yoga. Adamwalira mu August 2006 ali ndi zaka 78, patangopita masabata ochepa chiimbireni pamaso pa anthu ku New York. Zaka 78, abale! Ena a ife tili ndi 50 koma kuuzira moto wa mbaula timachita kupumira kawiri.

Komabe wa pamtima panga ndi Bill Chase, mwini gulu lomwe lidayambitsa mkangano pa benchi paja. Iyeyu adaphunzira ntchito kwa akuluakulu: adaimbako m'gulu la Ferguson yemweyo, la Kenton, kenaka zaka zingapo akutsogolera malipenga kwa Woody Herman. Atafuna kuyamba geni yakeyake adachita zomwe anzake sadachite. Magulu enawo ankasakaniza lipenga, thirombone ndi sakisofoni kuti mawu afewe. Iye adati ayi, ine ndikufuna malipenga anayi okhaokha, kumbuyo kwake gitala, besi, ogani, ng'oma ndi woimba pakamwa. Anthu asanu ndi anayi. Zili ngati munthu kutsegula lesitilanti n'kunena kuti kuno ndiwo ndi tsabola yekha.

Koma mverani momwe ankawagwiritsira ntchito malipenga anayiwo. Sikuti onse ankangokuwa limodzi. Woyamba amagwira noti pamwamba n'kuisunga, wachiwiri n'kulowa pansi pake, wachitatu, wachinayi, motsatizana mwachangu, ndiye zimamveka ngati madzi akutsika pa mathithi, kapena ngati anyamata anayi akupatsirana njerwa kuchokera pa lole osagwetsa ngakhale imodzi. Wina akachedwa pang'ono pokha, njerwa yagwera munthu paphazi. Ndipo wa pamwambayo, ngakhale ndiye amaombedwa m'manja, amatsamira pa atatu a pansiwo. Iwo akapanda kulunjika bwino manoti awo, iye amamveka ngati mphaka wa mayi wa tomato uja.

Chimbale chawo choyamba chidatuluka mu 1971, ndipo nyimbo ya Get It On idawatchukitsa moti gulu la ku England la T. Rex, lomwe linali ndi nyimbo ya dzina lomwelo, lidachita kusintha dzina la yawo poigulitsa ku America kuopa kusokoneza makasitomala. Adatulutsanso Ennea mu 1972 ndi Pure Music mu 1974. Basi, zitatu zokha. Pa 9 August 1974 akupita kukaimba ku chionetsero cha m'tauni ya Jackson ku Minnesota, kandege kawo kadagwa. Bill Chase adafera pomwepo ali ndi zaka 39, pamodzi ndi woimba gitala, wa ogani ndi wa ng'oma. Tsoka linanso, linali tsiku lomwe Richard Nixon adatula pansi upulezidenti wa America, ndiye maso a dziko lonse anali kwina. Mkulu wa mawailesi uja nditamuuza izi anangoti kukamwa pululu, kenaka ati chaka chimenecho sachiiwala, ndi chomwe ndege ya Wenela idagwa ku Francistown ndi abale athu ochokera ku migodi. Tinakhala chete kanthawi.

Tsono nkhani ya mlomo wangayi. Mawu a kamnyamata kaja anandikhala pamtima, ndiye ndinati ndisamangotsutsa ndi pakamwa, ndilawe ndekha. Mwana wa aneba athu amaliza lipenga ku bandi ya ku mpingo kwawo. Lolemba madzulo ndinamuitana: "Mphwanga, tabwera nacho chitsulo chako chija." Anabwera nacho, n'kundionetsa poika milomo. Ndinauzira koyamba, kunangotuluka mpweya ngati tayala laphulika. Kachiwiri kunatuluka mawu oti sindingawalembe m'nyuzipepala yomwe ana amawerenganso. Agalu a m'mudzi monse anayankha. Patapita theka la ola ndinapeza noti imodzi, yonenepa, ya pansi, ngati ng'ombe yoitana mwana wake. Apo ndiye mtima unakula. Ndinati tsopano tikwere kwa Bill Chase.

Mnyamatayo anandichenjeza: "Ankolo, musakanikize chitsulo pa mlomo, mphamvu izichokera m'mimba." Ine kumva? Ndinakanikiza ngati ndikukhoma msomali, maso kutuluka, mitsempha ya m'khosi njoo, mpaka ndinaona tinyenyezi dzuwa lisanalowe. Ndinachita kugwira khoma. Noti yomwe ndinafika, mnyamatayo akuti ndi yomwe ana oyamba kumene amaiphunzira mwezi woyamba. Lachiwiri ndinabwerezanso mobisa. Lachitatu m'mawa mlomo uli apo.

Ndipo musaone ngati zimenezi zimagwera ife mbuli zokha. Louis Armstrong mwini wakeyo mlomo udamung'ambikapo kangapo chifukwa chokakamiza manoti okwera usiku ndi usiku, mpaka m'zaka za m'ma 1930 adachita kusiya kaye kuimba kwa miyezi. Freddie Hubbard, mmodzi mwa akatswiri oopsa a jazz, mlomo udamung'ambika mu 1992, bala lidalowa matenda, ndipo mpaka imfa yake mu 2008 sadabwererenso pa mphamvu zake zakale. Akulu adati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Inu mpamba wanu ukagwa mumathamangira ku banki m'khonde, kapena kwa mlamu. Woliza lipenga mpamba wake ndi kanyama kosakwana chala, ndipo kakawonongeka palibe sitolo yogulitsa kena. Sikasungikanso ayi. Mnyamata wa aneba uja akuti akangokhala sabata osagwira lipenga, manoti a pamwamba amathawa, ayambirenso kuwanyengerera. Ndi katundu wofanana ndi tomato: tsiku lililonse ayenera kukhala watsopano.

Apa ndiyenera kuwapatsa mbali yawo mayi a tomato, chifukwa sanalakwe kotheratu. Alipo oliza malipenga ena, makamaka achinyamata ongofuna kuonetsa mphamvu, amene kukwerako amakusandutsa mpikisano wonyamula zitsulo. Nyimbo ikangoyamba iwo ali kale kudenga, kulira tswii, tswii, opanda mutu opanda mchira. Ameneyo ndi mphaka ndithu, ndipo nyimbo imodzi sachezera gule. Ferguson yemwe, akatswiri ena olemba za nyimbo ankamunena kuti n'ngodzionetsera. Miles Davis sankadalira kukwera koteroko koma ankakhoza kukuliza misozi ndi manoti atatu a pakati. Zonsezi ndikuvomera.

Koma kukwera pa denga ndi kwina, kuvina uli pa dengapo ndi kwinanso. Mverani Ferguson pa MacArthur Park ya mu 1970. Kumwamba kuja, komwe ena amangofikako n'kukuwa kamodzi n'kutsika msanga, iye amaimbako nyimbo yeniyeni, yoti mungathe kuing'ung'udza, mawu ake odzaza, onenepa, osapyapyala ngati a udzudzu. Ndipo kumbukirani kuti noti yokwera kwambiri kawirikawiri amaiika kumapeto kwa nyimbo yomaliza, munthu atauzira kale maola awiri, mlomo utatopa ngati miyendo ya wa kabaza madzulo. Gulu lonse laima, ng'oma yagunda, anthu zikwi akudikira, ndipo aliyense m'holomo akudziwa noti yomwe ikubwera. Ikhoza kutuluka, ikhozanso kusweka. Ikasweka palibe pobisala, sunganamizire magetsi kapena woimba ng'oma. Chimene chimandiimitsa tsitsi ine n'chimenecho: ndikumva munthu akuika mbiri yake yonse pa sikelo, pamaso pa anthu, ndi mpweya umodzi.

Kiyibodi siingaphonye. N'chifukwa chake siingandiimitse tsitsi. Mwana wa zaka zitatu akadina kabatani ka kumapeto kwenikweni itulutsa noti yokwera kuposa ya Ferguson, iye akuyamwa chala cha dzanja linalo. Zili ngati timasipika tija tadzaza m'misika masiku ano, tojambuliratu mawu, tobwereza "mankhwala a makoswe, a nsikidzi, a mphemvu" kuyambira m'mawa mpaka madzulo mwini wake ali gone pa katoni. Uthenga ukumveka, inde. Koma ndani adaimapo kuti amvetsere? Pomwe mnyamata wa kaunjika akakwera pa mulu wa zovala n'kuyamba kuitana ndi pakamwa pake, kusintha mawu malinga ndi yemwe akudutsa, mawu akusasa, thukuta kamukamu, ngakhale ulibe ndalama umaima.

Sindikuwada a kiyibodi, ndipo inu amalonda mumvetsa chifukwa chake zidapambana. Malipenga anayi ndi pakamwa panayi pofuna kudya, mipando inayi m'basi, mabedi anayi ku malo ogona. Makiyibodi otsika mtengo otha kuyerekeza zida zina atafala m'zaka za m'ma 1980, monga Yamaha DX7 yomwe idatuluka mu 1983, eni magulu adawerengera n'kuona kuti munthu mmodzi akhoza kugwira ntchito ya anayi. Ndani wa ife sakadachita chimodzimodzi? Koma mukadzamva September ya Earth, Wind & Fire pa ukwati, kapena Don't Stop 'Til You Get Enough ya Michael Jackson, tcherani khutu ku malipenga akuthwa aja akulasa pakati pa mawu. Amenewo ndi anthu enieni, ndi milomo yeniyeni. Kenaka mudzamvere nyimbo yomwe malipenga ake ndi a m'makina. Mudzasiyanitsa nokha monga musiyanitsira nkhuku ya chikuda ndi ya chizungu.

Dzulo ndinapitanso pa benchi paja, chitsulo chili m'chikwama, n'kuchiika pa tebulo la kamnyamata ka makompyuta. Ndinati: "Aise, si unati chala chimodzi? Pano ndakupatsa zitatu." Kanauzira mpaka misozi, kunangotuluka malovu. Kanati lipengalo n'lowonongeka. Mayi a tomato anaseka mpaka kukhala pansi, koma maganizo awo sanasinthe, akuti mphaka ndi mphaka basi ngakhale akhale wa ku America.

Lipenga ndabweza kwa eni ake, chifukwa mayi a kunyumba anena kuti likadzalowanso pakhomo pano ndikagona nalo kukhola. Vuto latsala ndi sipika ya kasitomala ija. Mwini wake anabwera kudzatenga Lachinayi, ndipo poiyesa tinapeza kuti kasipika kakang'ono ka mawu okwera kanapsa tsiku lomwe lija, pa Open Up Wide. Mkulu wa mawailesi akuti popeza amene ankati "kwezani, kwezani" ndinali ine, tigawana mtengo wake pakati. Amene muli ndi ngongole yanga mzere wa nsomba, ndikudutsa Loweruka.